Ngozi Family: punk ya mu komboni yamene America yabwela kubweleka

Ngati muli na ka bundle kotsala, fakani nyimbo ya "Noid" ya Tyler, the Creator, mutchele khutu bwino. Gitala ija yolila monga chigayo chamene chatsamwa, na mau aja a Chinyanja amene alowa pakati, si za ku Los Angeles iyayi. Ni zathu. Zinachoka mu nyimbo ya "Nizakupanga Ngozi" ya bandi ya Ngozi Family, pa chimbale cha 45,000 Volts cha mu 1977. Tyler anatulutsa "Noid" mu October 2024, ndipo chimbale chake, Chromakopia, chinakwela pa nambala 1 ku America. Pamene izi zinali kuchitika, mwini wake wa mau aja, ba Paul Ngozi, anali atagona kumanda zaka 35.

Sabata ino nkhani ili pa bandi imeneyi. Nailembela maka-maka imwe anyamata na atsikana a mu Ngungu, Bwacha, Chimanimani na Makululu amene muli na nyimbo mu mutu koma chaka na chaka mukamba chimodzimodzi: ati tilibe zida, ati situdiyo ni yodula, ati tiyembekeza sponsor. Mvelani za anthu atatu amene sanayembekeze munthu.

Punk ni chiyani kansi?

Tiyambe na liu lenilenilo, chifukwa ena mukamva punk muganiza chabe za mzungu wa tsitsi loimilila monga tambala. Punk ni rock yamene inavula jekete. Cha mu 1976, achinyamata a ku New York na London anatopa na mabandi akulu-akulu oimba nyimbo imodzi mphindi khumi, na zida zodzaza lole. Iwo anati ayi, tipatseni gitala, besi na ma drums, basi. Nyimbo zifupi, phokoso lambili, mau osazungulila. A Ramones anatulutsa chimbale chao choyamba mu April 1976. A Sex Pistols anatulutsa nyimbo yao yoyamba kumapeto kwa chaka chomwecho. Ambili mwa iwo sanali akatswili a gitala, ndipo sanachite nazo manyazi.

Manje onani kalendala. Chaka chomwecho cha 1976, kuno kwathu Ngozi Family inatulutsa Day of Judgement. Palibe anaitcha punk. Nyimbo za rock za ku Zambia za zaka zimenezo zidziwika na dzina lakuti Zamrock, ndipo anyamata aja anakulila pa Jimi Hendrix, Black Sabbath na James Brown, osati pa Sex Pistols. Koma khutu silinama. Fakani chimbalecho mumve: gitala yakuda bii na fuzz, ma drums ogunda monga munthu wokhoma chitseko cha wankhongole, mau osapaka mafuta. Mwa mabandi onse a Zamrock, iyi ndiye inali yaukali kopambana. Ndiye chifukwa chake anthu a punk akunja akaimva lelo amaiona monga m'bale wao amene sanali kumudziwa.

Anali ndani?

Mutu wa bandi anali ba Paul Dobson Nyirongo, obadwa mu 1949, mwana wa mu Chibolya ku Lusaka. Imwe mudziwa kuti Chibolya si Kabulonga. Dzina la Ngozi si la makolo, ni la pa siteji, ndipo linawayenela. Munthu uyu anali kuliza gitala na mano, kuikweza kumbuyo kwa mutu, kuivutitsa mpaka anthu kukuwa. Asanapange bandi yao, anapita m'magulu ang'ono-ang'ono a mu Lusaka, kenaka analowa Musi-O-Tunya, bandi ya ba Rikki Ililonga, yamene inakhalapo ku Nairobi kumayambililo kwa ma 1970. Nairobi masiku amenewo inali na ma situdiyo, mafakitale osindikiza ma lekodi na makalabu olipila oimba. Ba Paul anabwelako ataona momwe malonda a nyimbo amayendela, ndipo anafuna chao-chao.

Wachiwili, amene anthu ambili amamulumpha, ni ba Chrissy Zebby Tembo, pa ma drums. Apa nifuna muime pang'ono. Tizolowela kutamanda uja wa kutsogolo ogwila maiki, koma bandi ya anthu atatu imaima pa wa ma drums monga mphika pa mafuwa. Akagwedezeka, nsima yonse pansi. Ba Chrissy anali kumenya molemela, mosakongoletsa, ndipo anali kuimbanso na pakamwa. Ali na chimbale chao, My Ancestors, pamene iwo ndiwo atsogolela ndipo ba Paul abwelela kumbuyo kuwalizila gitala. Ganizani zimenezo. Nyenyezi ya bandi kuvomela kukhala wothandiza pa chimbale cha mnzake. Mabandi angati a masiku ano amene angapilile zotele osamenyana pa WhatsApp?

Pa besi panasinthana manja. Maina amene mudzawapeza pa zimbale za zaka zoyamba ni ba Billy Sithenge na ba Tommy Mwale. Pa 45,000 Volts, chamene Tyler anatapamo, anali ba Paul, ba Chrissy na ba Tommy Mwale, ndipo anakachijambula ku Nairobi.

Anthu atatu chabe. Palibe kiyibodi yobisa zolakwa, palibe gulu la malipenga. Chinsinsi cha phokoso lao chinali ka bokosi kakang'ono kopondela na phazi, kochedwa fuzz. Kamatenga mau a gitala, kuwakweza mopitilila mpaka kusweka, ndiye gitala imodzi imveka monga zitatu zokwiya. Mainjiniya akale anali kuona kusweka kwa mau monga vuto lofunika kukonza. Ba Paul anakutenga kukhala siginecha yao. Chamene ena akanachita nacho manyazi, iwo anachiika patsogolo.

Chifukwa chiyani zinachitika nthawi imeneyo?

Luso lokha silidyetsa bandi. Panali zinthu zitatu zinakumana.

Choyamba, kopa. Zambia itangolandila ufulu mu 1964, mtengo wa kopa unali bwino, migodi inali kulemba anthu nchito, ndipo wanchito akalandila anali na kotsala kogulila lekodi na kulipila pa geti Loweluka. Makampani a migodi anali na makalabu na maholo m'makomboni mwao, ndipo maholo amafuna bandi.

Chachiwili, wailesi. Pakati pa ma 1970, ba Kaunda analamula kuti 95 pelesenti ya nyimbo za pa wailesi zikhale za ku Zambia. Kaya mumawakonda kaya ayi, lamulo limeneli linapanga njala ya nyimbo zathu. Wailesi siingakhale zii, so aliyense wokhala na nyimbo yake anapeza khomo lotseguka. Bandi yongokopela nyimbo za a Beatles inayamba kuchepa mphamvu, yolemba zake inakwela.

Chachitatu, makampani. Ku Ndola kunali Teal Record Company yosindikiza ma lekodi, komanso Zambia Music Parlour ya ba Edward Khuzwayo, yamene inatulutsa oimba ambili a nthawi ija, kuphatikizapo Ngozi Family.

Apa ndiye pakulowa Kabwe wathu. Zamrock inali nyimbo ya mu njanji: Lusaka uku, Copperbelt uko, kumene kunachokela WITCH na Amanaz a ku Kitwe. Njanji na mseu zolumikiza mbali ziwilizi zipita pakati pa tauni ino, makilomita pafupifupi 140 kuchoka ku Lusaka. Kabwe wa masiku amenewo sanali wogona. Mugodi wa lead na zinc unali kugwila nchito, likulu la Zambia Railways linali pano, ndipo mu 1972 ba Godfrey "Ucar" Chitalu a Kabwe Warriors anamwetsa zigoli 107 mu chaka chimodzi. Anthu amene anali kugula nyimbo za mtundu uwu anali monga ambuye anu: a shifiti ya usiku, a mu workshop ya sitima, ovala bell-bottom na nsapato za platform pa weekend. Mudala uja amene mumuona akhala phee pa mpando panja, wovala chipewa, musamuone mopepuka. Mufunseni za Paul Ngozi muone nkhope mmene isinthila.

Anali kuimba za chiyani?

Apa ndiye pali mtima wa nkhani. Ngozi Family inali kusakaniza Chizungu na Chinyanja, ndipo Chinyanja chake chinali cha pa mseu, chamene mumakamba pa stesheni. Maina a nyimbo okha akuuzani. Pa Day of Judgement pali "Kumanda Kwa Bambo Wanga" na "Tikondane". Pa The Ghetto, chimbale chamene chinatuluka m'dzina la ba Paul ndipo chonse chikamba za umoyo wa mu komboni, pali "Ulesi Tileke", palinso ina yochedwa "Suicide". Imfa ya kholo, ulesi, kudzipha, umphawi. Nkhani zamene ngakhale lelo timakamba motsitsa mau, iwo anaziika pa gitala yokuwa m'ma 1970.

Osaiwala kuti inali nthawi ya chipani chimodzi. Kutukwana boma poyela monga anachitila a Sex Pistols kwa mfumukazi yao sichinali chinthu chosewela nacho. Ukali wa Ngozi Family unapita kwina: unaloza pa khomo la nyumba, pa bala, pa manda, pa mnansi. Anali kulangiza monga ankhoswe koma na mau a mphezi. Ndiye kusiyana kwa punk yathu na ya ku London. Ija inali kukuwa kuti tsogolo kulibe. Yathu inali kukuwa kuti ukani, samalani, tikali na mawa.

Ndipo onani chimene chinakhalitsa. Nyimbo za Chizungu pa zimbale zija zilipo zambili, zabwino ndithu. Koma pamene mmodzi wa oimba otchuka kopambana ku America anafuna chinthu chamene sangachipeze kwao, anatenga ya Chinyanja. Imwe amene mumapotoza lilime kuti mumveke monga wa ku Atlanta olo wa ku Lagos, ganizilani pamenepo. Atlanta ali nayo kale Atlanta yao. Chamene alibe ni Ngungu.

Chinapha Zamrock

Sikuti anthu anadzuka tsiku limodzi na kuida. Inafa pang'ono-pang'ono, na matenda ambili.

Mtengo wa kopa unagwa cha mu 1975, ndipo sunauke msanga. Ndalama ya lekodi inakhala ndalama ya unga. Zida zoimbila, mawaya a gitala, zonse zochoka kunja, zinayamba kusowa. Nkhondo ya ufulu ya ku Rhodesia inafika mpaka kuno: mu 1978 ndeke za asilikali a Ian Smith zinaponya mabomba pa misasa ya omenyela ufulu pafupi na Lusaka, ndipo kunabwela ma curfew na kuzimitsa malaiti usiku. Bandi imadya usiku. Mukatseka usiku, mwaitsekela mphika.

Kenaka disco inalowa. Mwini bala anaona kuti DJ mmodzi na ma lekodi ake ni wochipa kupambana anthu asanu ofuna chakudya na transport. Makaseti anabwela, na okopela mwakuba pambuyo pake: nyimbo ili pa msika uliwonse, woimba alibe olo ngwee. M'ma 1980 kalindula inatenga malo, ya ba PK Chishala, Amayenge na ena, ndipo inali nyimbo yabwino payokha. Ba Paul anapitiliza kuimba na kutulutsa nyimbo m'zaka zimenezo, koma dziko linali litasintha.

Chomaliza chinali AIDS, yamene inakolola oimba a m'badwo umenewo monga chimanga. Pa mamembala oyamba a WITCH, amene anatsala ni ba Emmanuel "Jagari" Chanda okha. Munthu amene anali kudzaza maholo anakhala mphunzitsi, pambuyo pake anapita kukakumba miyala ya mtengo wapatali kuti adyetse banja. Ba Paul Ngozi anamwalila mu 1989 ali na zaka 40. Ku Kabwata ku Lusaka kuli mseu wa dzina lao.

Ife a mu Kabwe nkhani yotele siticita kuuzidwa. Mugodi unatsekedwa mu 1994, unatisiyila Black Mountain na lead mu dothi. Tidziwa mmene chinthu chachikulu chimazimila, anthu na kuyamba kukamba monga sichinakhaleko.

Kuuka kwake

Amene anafukula nyimbozi, kunena zoona, ambili anali akunja. Osonkhanitsa ma lekodi akale ku Europe na America anayamba kusakasaka zimbale za Zamrock, zamene zinali zitasowa. Kampani ya Now-Again Records ya ku Los Angeles, ya Eothen Alapatt wodziwika kuti Egon, inayamba kuzitulutsanso: za WITCH, za ba Rikki Ililonga, za Amanaz, za Ngozi Family. Mu 2017 inatulutsa Welcome to Zamrock!, zimbale ziwili zosonkhanitsa mabandi ambili. Mu 2019 kunatuluka filimu ya Gio Arlotta yokamba za WITCH. Ba Jagari anabwelela pa siteji, ayenda maiko, ndipo mu 2023 WITCH inatulutsa chimbale chatsopano, Zango, pamene Sampa the Great, mwana wa kuno kwathu, aimbako.

Ni nkhani yokoma, koma ili na munga. Nyimbo inadikila zaka 47 kuti ifike pa "Noid". Ba Jagari anakhala na moyo mpaka kuona anthu a ku Europe avina nyimbo zao. Ba Paul sanaone. Ndipo mwana wa mu Ngungu lelo amva mau a Paul Ngozi koyamba kupitila mwa munthu wa ku California, pamene lekodi yeniyeni mwina inali mu sutikesi ya ambuye ake, pansi pa bedi, mpaka tsiku lamene inatayidwa pokonza m'nyumba.

Manje imwe mutengepo chiyani?

Choyamba, yambani. Foni ili m'thumba mwanu ijambula mau oyela kupambana zambili zamene anyamata a mu 1976 anali nazo. Ngati gitala ni imodzi, ya ku tchalitchi, yobweleka Lachiwili masana, yambilani pamenepo. Ngati sipika ilila mosweka, mvelani bwino, mwina kusweka kumeneko ndiye mau anu. Anthu atatu akwana. Mutu umodzi susenza denga, koma mitu khumi na iwili nayo imangokangana za ndalama ya transport.

Chachiwili, imbani zamene muona. Madzi a pa kiosk, lendi, mnzanu amene anamaliza Grade 12 na ma points abwino koma akankha wilibala pa msika, mwana amene anamupeza na lead mu magazi, malaiti opita pakati pa mpila. Simufunika kubweleka mavuto a mu filimu. Ngozi Family inaimba za manda a bambo, ndipo nyimbo zao zikali kuyenda.

Chachitatu, ndipo apa ndiye ambili mumagwa: lembani maina. Nyimbo iliyonse, lembani ndani anapeka mau, ndani anapanga beat, ndani analiza chiyani, tsiku liti, situdiyo iti. Gwilizanani magawo mukali osauka, mukali kugawana ka chips kamodzi, chifukwa ndalama ikabwela ubale umathawila pa windo. Pepala limodzi, aliyense asaine, aliyense asunge kope yake. Tidziwa za ba Chrissy Zebby Tembo na ba Tommy Mwale lelo chifukwa maina ao analembedwa pa zimbale. Wa ma drums wanu nayenso ni munthu.

Chachinai, dziwani kuti nyimbo ili na eni ake pawili: amene anaipeka, na amene ali na chojambulidwa chenichenicho, chamene a situdiyo amati master. Munthu akafuna kutapa mu nyimbo yanu monga anachitila Tyler, afunika chilolezo ku mbali zonse ziwili, ndipo ndalama imatsata mapepala, siitsata amene analila kwambili pa maiki. Producer akakuuzani ati nijambulila mahala, mufunseni bwino: master izakhala ya ndani? Pitani mukalembetse nyimbo zanu ku ZAMCOPS, bungwe loyang'anila za umwini wa nyimbo muno mu Zambia. Musasaine pepala lamene simunawelenge chifukwa chakuti munthu wakugulilani ka drink.

Chachisanu, sungani. Nyimbo yokhala mu foni imodzi chabe ili pa ngozi kupambana lekodi ya mu sutikesi. Foni imagwa mu madzi, imabedwa mu minibasi, laptop ya producer imafa. Ikani pa flash, tumizani ku email yanu, patsani mlongo wanu kope. Zamrock inapulumuka chifukwa ma lekodi ena anapilila zaka 30 m'makabati a anthu. Ma file anu azapilila zingati?

Ndipo imwe amene simuimba, muli nayo nchito yanu. Weekend ino pitani kwa ambuye olo kwa amalume aja a ku Railways, muwafunse ngati akali na ma lekodi akale. Mukapeza, osawasiya pa dzuwa, osawaunjika chogona, aimikeni chilili pamalo pouma. Munthu akabwela na K50 ati nithandizeni kuchotsa zinyalala izi, yambani mwafufuza pa intaneti, chifukwa zimbale zoyambilila za Zamrock osonkhanitsa akunja amazigula na ndalama zambili. Koposa apo, khalani pansi muwafunse akuluwo: munali kuvinila kuti, geti inali zingati, munavala chiyani, ndani anali kumenya ma drums? Jambulani pa foni. Mau a akulu akoma akagonela, koma amafuna wina awasunge.

Mukamaliza, fakani 45,000 Volts kuyambila nyimbo yoyamba mpaka yomaliza, volume pamwamba, ba neighbour adandaule pang'ono. Ndipo ngati mu Ngungu muli kale bandi yamene ilizila mu garage olo kuseli kwa barbershop, tumizani uthenga kuno ku nyuzipepala. Lembani dzina la bandi na maina a onse, kuyambila wa ma drums.